Magalasi a Jenala ndi Chinsinsi cha Keziya

Jenala atafika pamjigo m'mawa wa Lachiwiri, nkhani zonse zinaduka. Ali patali anamva amayi akuseka ndi zidebe zikugundana, koma atangogogoda simenti ndi ndodo yake yoyera, panatsala phokoso la mpini wa mjigo basi.

"Monire mose," anapereka moni.

"Yewo," anayankha munthu mmodzi yekha, mawu ali pansi.

Wina ananong'oneza mnzake, koma khutu la Jenala linatola. "Yang'anani kumbali. Ayamba kutijambula."

Jenala Mtonga, amene anthu ankamutcha NyaMtonga, ankakhala ndi mwamuna wake Darius Zimba m'mudzi wina kwa Mwase Lundazi. Ankalima chimanga ndi mtedza. Maso ake anasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo chifukwa cha matenda a shuga.

Miyezi itatu m'mbuyomo, bungwe lina lothandiza anthu olumala la ku Boma linasankha anthu osaona ochepa kuti ayese magalasi atsopano. Magalasiwo sankachiritsa maso. Pakona pake panali kakamera kakang'ono ngati njere ya nyemba, pafupi ndi khutu panali kasipika, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi foni. Jenala akadina kabatani, magalasi ankajambula chimene chili kutsogolo kwake n'kumuuza m'Chinyanja cha m'mabuku. Anayamba kusiyanitsa yekha mankhwala ake am'mawa ndi amadzulo. Ankadziwa ngati wina wasiya njinga panjira. Kalata ya mwana wake wa ku Chipata anaimva yekha, popanda kupempha munthu kuti amuwerengere.

Tsiku limeneli anatunga madzi popanda womusenzetsa. Atafika kunyumba anapeza Darius akunola khasu.

"Adada, nchiyani chachitika m'mudzi muno? Pamjigo anthu andithawa ngati ndili ndi mphele."

Darius anasiya kunola. "Nkhani yake ni ya aNyaNgoma. Mudzi wonse wadziwa kuti amamwa mankhwala otalikitsa moyo. Anthu akuti magalasi anu ndiwo anaulula. Akuti chilichonse chimene mwayang'ana chimalowa m'mafoni a anthu."

Jenala anakhala pansi. NyaNgoma anali Keziya, mnansi wake komanso mnzake wapamtima. Ndipo panali chinthu chimene Jenala sanauze munthu aliyense, ngakhale Darius.

Loweruka lina, milungu iwiri m'mbuyomo, anapita kwa Keziya kukapempha soda wophikira therere. Keziya anali kuseri kwa nyumba akuthyola masamba a maungu, ndipo anafuula kuti, "Lowani chabe, botolo lili pashelefu!" Keziya sankabisa kanthu mnzakeyu akalowa, poti anazolowera kuti saona. Jenala anaima patsogolo pa shelefu n'kudina kabatani. Magalasi anati, "Pali mabotolo awiri. Lakumanzere ndi la soda. Lakumanja lalembedwa dzina lakuti Keziya Ngoma. Amenewa ndi mankhwala a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV." Jenala anatenga soda n'kutuluka. Analumbira mumtima kuti nkhaniyo adzafa nayo.

Tsono inatuluka bwanji? Funso limeneli linamuvuta mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka ananyamula ndodo n'kupita kwa Keziya.

"Odi kuno!"

"Imani pomwepo, aNyaMtonga," anatero Keziya ali pakhonde. "Vulani chinthu chanucho musanaponde pakhomo panga."

Jenala anavula magalasi n'kuwakulunga m'nsonga ya chitenje.

"Ndikufunsani funso limodzi," Keziya anapitiriza. "Tsiku la soda lija, chinthu chanucho chinaona chiyani pashelefu?"

Jenala anafuna kukana, koma lilime silinalole. "Chinawelenga botolo lanu. Koma pamaso pa Mulungu, sindinauze munthu."

"Zaka zinayi ndakhala ndikumwa mankhwala amenewa. Amadziwa ni amuna anga ndi anesi basi. Mwalowa inu ndi diso lanu lachitatu, patha masiku ochepa, ana akundiloza chala. Ndiye ngati si inu, ni chinthu chanucho. Sankhani."

"Ndikhululukileni, mnzanga. Ine sindidziwa."

"Ndinayenela kukatenga mankhwala ena dzulo. Sindinapite. Njila ya ku kiliniki imadutsa pachigayo, pamene anthu amakhala tsiku lonse. Atsala a masiku atatu, ndipo akatha athe."

"Yayi, aNyaNgoma, musatelo!"

Koma chitseko chinali chitatsekedwa kale.

Pofika Lachitatu mphekesera zinali zitabala ana. Ena ankati magalasiwo ndi a satana, chifukwa chinthu chopanda pakamwa sichingalankhule. A Bwezani Phiri, mlimi wachikulire wa fodya amene mawu ake ankamveka kwambiri m'kalabu ya alimi, ankauza anthu kuti magalasiwo amawerenga matumba a chimanga m'nyumba za anthu n'kukanena ku Boma, kuti amene akolola bwino achotsedwe pamndandanda wa feteleza. Mayi wina Jenala akudutsa anakokera mwana wake m'nyumba.

Darius nayenso anali ndi zake. "Ine ndinakayika kuyambila tsiku loyamba," anatero. "Ndani angakupatse chinthu chotele popanda kufuna kanthu? Mwina akutisonkhanitsa nkhope kuti akazigulitse."

Jenala sanatsutse. Iye mwini anali atayamba kuwaopa. Anawaika m'chitini chakale cha mkaka, n'kutseka chivindikiro, n'kukankhira chitinicho pansi pa bedi.

Lachinayi m'mawa Darius analawira kudimba. Jenala anapapasa mapepala a mankhwala ake. Anali atasinthidwa mwezi womwewo, ndipo onse ankamveka ofanana m'manja. Analibe womufunsa, poti Keziya sankamuyankhanso. Anamwa amene anaganiza kuti ndi oyenera. Patapita maola awiri Darius anamupeza atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Anamumwetsa madzi a shuga monga anesi anamuphunzitsira, mpaka mphamvu zinabwerera.

Atatero Darius anatenga foni n'kuimbira Mayi Racheal Mbale, mlangizi wa bungwe lija, amene anabweretsa magalasiwo.

"Madamu, bwelani mudzatenge katundu wanu. Watiyambanitsa ndi mudzi wonse."

Mayi Mbale anafika masana panjinga yamoto, fumbi lili mbuu kumapazi. Atapatsana moni, anayamba wafunsa za mankhwala amene Jenala anamwa, ndipo anawauza kuti tsiku lomwelo akaonane ndi anesi. Kenaka anakhala pampando n'kumvetsera nkhani yonse osadula mawu. Jenala anapempha Darius kuti apite kaye kukhola, ndipo atatsala awiri anafotokoza za tsiku la soda.

"Mwachita bwino kundiitana," anatero Mayi Mbale. "Kukayika si kulakwa. Chinthu chokhala ndi kamela chiyenela kufunsidwa mafunso. Tiyeni tichifunse."

Anatulutsa magalasi m'chitini, natsegula foni, naitananso Darius kuti aone ndi maso ake. M'foni munali mndandanda wa zonse zimene magalasi anawerenga, tsiku ndi nthawi yake. Mayi Mbale anawerenga mokweza: paketi ya mbewu, kalata, nambala ya nyimbo ya kutchalitchi, njinga panjira. Atafika pa Loweruka lija anangoti, "Apa pali botolo lija," osatchula zambiri.

"Onani apa, a Zimba," anauza Darius. "Palibe uthenga umene unatumizidwa ku foni ya munthu aliyense. Magalasi alibe manambala a anthu a m'mudzi muno. Sajambulanso okha. Amajambula pokhapokha amayi akadina kabatani, ndipo nthawi imeneyo kanyali aka kamayaka."

"Nanga amadziwa bwanji zinthu?" anafunsa Darius. "Ndani amakamba mkatimo?"

"Mulibe munthu, mulibenso mzimu. Ni nzelu za kompyuta, zimene ambili amati AI. Kompyuta inaonetsedwa zithunzi ndi zolemba zambilimbili mpaka inaphunzila kuzindikila kuti ichi ni botolo, ichi ni njinga. Koma sindikubisilani. Amayi akadina, chithunzi chimapita pa intaneti ku kompyuta yaikulu imene ili kutali, ndipo yankho limabwelela kuno. Pangano lathu ndi amene anapanga magalasi limati asasunge zithunzizo ndipo asapatse munthu wina. Zinalembedwa m'pepala limene amayi anadindapo chala."

"Pepala lija?" anatero Jenala. "Mnyamata wanu analiwelenga m'Chizungu, mothamanga ngati akuthawa mvula. Ine ndinangomva kuti dindani apa."

Mayi Mbale anavomera. "Apo ndiye tinalakwa ife. Munthu sayenela kuvomela chinthu chimene sanachimvetse. Malamulo a dziko lathu amateteza nkhani zachinsinsi za munthu. Muli ndi ufulu wofunsa kuti zithunzi zimapita kuti, wouza kuti zifufutidwe, ngakhale wobweza magalasi popanda kuopa. Ndidzabweletsa pepalalo m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja, tiwelenge pamodzi mzele ndi mzele."

"Zonsezo ndamva," anatero Jenala. "Koma nkhani ya mnzanga inatuluka. Inatulukila pati?"

Mayi Mbale anavala magalasiwo n'kudina kabatani akuyang'ana pabwalo. Mawu anatuluka mwamphamvu mpaka nkhuku zinadzidzimuka: "Kutsogolo kuli nkhokwe ndi nkhuku zitatu." Anawavula msanga akutikita khutu.

"Amama, mawu awa ndani anakweza chonchi?"

Jenala anaganiza. "Ndine. Ndinapita kuchigayo, ndipo phokoso la injini linandilepheletsa kumva. Ndinakweza mpaka pamapeto."

"Linali tsiku liti?"

"Lachisanu. Kutacha ndiye ndinapita kukapempha soda." Atangonena zimenezi anagwira pakamwa.

"Tiyeni kwa aNyaNgoma," anatero Mayi Mbale. "Koma a Zimba mutsale. Nkhani iyi ni ya mwini wake."

Keziya anawalandira ndi nkhope yolimba. Mayi Mbale anadzidziwitsa, napempha chilolezo choyesa chinthu chimodzi chokha, nalonjeza kuti akakana abwerera. Keziya anayang'ana magalasi nthawi yaitali.

"Yesani. Chotsala kubisa nchiyani manje?"

Anachotsa zonse pashelefu kusiya botolo la soda. Jenala analowa n'kuima pamene anaima tsiku lija. Mayi Mbale ndi Keziya anatsala panja, pakhonde, pafupi ndi windo. Jenala anadina kabatani.

"Pali botolo limodzi la soda," anatero magalasi. Mawuwo anamveka pakhonde ngati wailesi.

Keziya anadzidzimuka. "Amveka mpaka kuno!"

"Enya," anavomereza Mayi Mbale. "Magalasi sanatumize nkhani yanu kulikonse. Anaikamba mokweza. Funso ni lakuti, ndani anali pafupi ndi windo ili tsiku limenelo?"

"Panalibe munthu. Ine ndinali kuseli." Keziya anaima kaye, maso ali pansi pakhonde. "Dikilani. Nditabwela kuchoka kuseli ndinapeza lichelo langa lili apa. Analibweleka alamu anga, a Ennie. Ndinadabwa kuti abweza bwanji osaodila."

Ennie anali mlongo wake wa mwamuna wa Keziya, ndipo nyumba yake inali kutsidya kwa msewu. Keziya anapita yekha kukamuitana. Ennie atafika n'kuona mlendo wa ku Boma ndi Jenala, anayamba kukonzakonza duku lake.

"Alamu," anatero Keziya, "tsiku munabweza lichelo, munamva chiyani pawindo pano?"

"Ine? Palibe. Ndinangoika n'kupita."

"Chifukwa chiyani simunaodile?"

Ennie anayang'ana uku ndi uku. "Anthu onse akuti ni magalasi. Mukufuna kundikankhila ine mlandu wa makina?"

"Palibe akukuweluzani, amama," anatero Mayi Mbale mofatsa. "Koma amayi awiliwa avutika. Wina wasiya kukatenga mankhwala, wina lelo anatsala pang'ono kukomoka. Ngati mukudziwa kanthu, kambani."

Ennie anakhala pansi pakhonde. Misozi inayamba kutsika. "Ndinamva. Ndinachita mantha chifukwa cha achimwene anga. Ndinauza munthu mmodzi chabe, kuchigayo, kuti atithandize kupemphela. Nditamva kuti nkhani yafalikila ndipo anthu akunena magalasi, ndinangokhala chete."

"Munthu mmodzi," anatero Keziya. "Kuchigayo." Sanakweze mawu. "Achimwene anu amadziwa kuyambila tsiku loyamba. Tinakayezetsa limodzi. Mukanabwela kwa ine, ndikanakuuzani ndekha. Pitani kaye, alamu. Lelo sindingathe kukamba nanu."

Ennie anachoka atazolika. Jenala anatuluka m'nyumba akupapasa khoma.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga," anatero. "Ndinalowa m'nyumba mwanu ndi kamela osakuuzani. Ndipo nditamva, ndinayenela kukuuzani tsiku lomwelo."

Keziya anapumira m'mwamba. "Ine ndinakuonani ngati mfiti, aNyaMtonga. Ndinaiwala kuti pakamwa pa munthu pamathamanga kuposa foni."

Mayi Mbale anatsitsa mawu a magalasi mpaka anamveka kwa wovala yekha. Anaonetsa Jenala kachingwe ka m'khutu kamene kanali katatsalira m'bokosi, ndi kachivindikiro kotsekera kamera. Pamaso pa Keziya anafufuta m'foni zonse za botolo lija, nalonjeza kulemba kalata yoti zifufutidwenso kumene zinapita ngati zilipobe. Kenaka anatembenukira kwa Keziya.

"Amama, mankhwala anu sadikila kuti anthu asiye kukamba. Mukawadukiza, kachilombo kamapeza mphamvu. Njinga yanga ili apo. Ndiyamba ndapeleka aNyaMtonga kwa anesi, ndibwelele kudzatenga inu."

"Tidutsa pachigayo?"

"Njila ni yomweyo."

Keziya anaganiza pang'ono. "Ndikavale nsapato," anatero.

Loweruka kalabu ya alimi inali ndi msonkhano wake pashedi ya fodya. Mayi Mbale anapempha wapampando kuti nkhani za mbewu zikatha, Jenala apatsidwe mpata. Anthu anadzaza kuposa masiku onse. Ena anakhala kumbuyo kwenikweni, zitenje zili pafupi ndi nkhope.

Jenala anaima atanyamula magalasi m'manja. Sanatchule dzina la munthu aliyense. Anafotokoza mmene magalasi amagwirira ntchito, nawapereka kuti anthu awagwire ndi kuona kanyali kamene kamayaka akamajambula. Kenaka ananena zimene walonjeza.

"Ndikafika pakhomo panu ndidzayamba ndanena kuti ndavala magalasi. Mukakana, nditseka kamela, ndipo sindidzakwiya. Ku kiliniki ndi m'nyumba za anthu adzakhala otseka, pokhapokha mwini wake atalola. Mawu ake adzalowa m'khutu langa lokha. Koma inunso ndikupempheni. Mukakayika, ndifunseni ine. Musandithawe. Popanda magalasi awa, Lachinayi ndinamwa mankhwala olakwika."

A Bwezani anaimirira atatsamira ndodo yawo. "Zokamba nzokoma. Koma ine ndikuti chinthu ichi chimadziwa zonse za munthu. Chindiyang'ane ine, tione."

"Mwalola, adada?" anafunsa Jenala.

"Ndalola."

Mayi Mbale anakweza mawu a magalasi kuti onse amve. Jenala anavala magalasi, natembenukira kumene kunachokera mawu a mkuluyo, nadina kabatani.

"Kutsogolo kuli mwamuna wachikulire wovala jekete lakuda. Wanyamula ambulera."

Shedi yonse inaphulika ndi kuseka. A Bwezani anakweza ndodo yawo m'mwamba. "Ambulela? Ndodo yanga ya mtengo wa mubanga iyi?"

"Afunseni dzina la a Bwezani," wina anafuula.

Jenala anafunsa. Magalasi anayankha kuti sakudziwa dzina la munthuyo.

"Nanga matumba anga a chimanga?" anafunsa a Bwezani.

"Sakuwadziwa, adada," anatero Mayi Mbale. "Ndipo mwaona nokha kuti amalakwitsa. Nchifukwa chake timauza aNyaMtonga kuti asataye ndodo yawo yoyela, ndipo pa nkhani ya mankhwala, akakayika afunsenso munthu. Makina ni othandiza chabe. Salowa m'malo mwa anansi."

A Bwezani anakhala pansi akung'ung'udza kuti adzaliona okha pepala la panganolo likadzabwera. Mayi Mbale anati zimenezo ndi zimene akufuna, ndipo adzaliwerenga pamsonkhano wotsatira.

Wapampando atatsala pang'ono kutseka, Keziya anaimirira. Palibe anamupempha. Ngakhale Jenala sankadziwa.

"Zimene munamva za ine ni zoona," anatero. "Ndimamwa mankhwala, ndipo ndidzapitiliza kumwa. Chaka chino ndakolola mtedza kuposa ambili a inu. Nkhani imeneyi inali yanga, yoti ndikambe ndekha tsiku limene ndafuna. Amene anaifalitsa si magalasi. Ni ife anthu, wina kuuza wina. Lelo ndakamba ndekha, ndiye kuchigayo mupeze nkhani ina."

Kenaka mayi wina wachikulire anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ena n'kutsatira. Ennie, amene anakhala kumapeto, sanadzutse mutu. Panapita mwezi wathunthu Keziya asanamulole kulowanso m'nyumba mwake, koma tsikulo linafika.

Mayi Mbale anasunga lonjezo. Anabweretsa panganolo m'zilankhulo ziwiri, ndipo linawerengedwa pagulu. A Bwezani anafunsa mafunso asanu ndi awiri, Darius anafunsa atatu. Jenala anamvetsera zonse mpaka pamapeto, nafunsa ake, ndipo atakhutira anadindanso chala. Nyengo yodzala itafika anakwera minibasi yekha kupita ku Boma, nasankha mbewu yake atamva yekha zolembedwa papaketi. Keziya sanaphonyenso tsiku la ku kiliniki.

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Zipangizo zatsopano zothandiza anthu osaona si ufiti, ndipo munthu wolumala ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito popanda kusalidwa. Komabe kufunsa n'koyenera. Musanavomere chipangizo chokhala ndi kamera, funsani kuti chimajambula liti, zithunzi zimapita kuti, ndipo amazisunga ndani. Musadinde chala papepala limene simunalimve m'chilankhulo chanu. Wovala chipangizocho alemekeze anzake: apemphe chilolezo, atsitse mawu, atseke kamera pamalo achinsinsi. Ndipo mukamva za matenda a mnzanu, kaya mwamva kwa munthu kaya kwa makina, nkhaniyo si yanu. Isiyeni kwa mwini wake.